Manja Opanda Kanthu

Las Vegas, Nevada
19 Febuluwale 1979

Okondedwa achemwali a Verna,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Delbert, Bambo, ndi mwana wanga Marcy. Chifuwa cha Bambo chija chili bwanji? Ine kuno ndili bwino, ngati kuima tsiku lonse uku ukumwetulira zitsiru n'kukhala bwino.

Munafunsa kuti kuno kukuoneka bwanji masiku ano. Ndi chikomekome cha mkuyu chomwe chija. Anthu amatsika ndege atavala ngati akupita ku ukwati, kudzataya m'masiku awiri zimene anavutikira chaka chonse. Sabata yatha kunali msonkhano wa ogulitsa mathirakitala. Wina wa chimimba anakhala patebulo langa, pachala pali mzere woyera pamene wavula mphete, n'kumanditchula kuti "kamwana". Akaluza ankati ndine mfiti, akawina pang'ono ankati andikwatira. Ndinamugawira makadi ake mwaulemu wonse mpaka anatsala ndi kiyi wa chipinda basi. Mwina kwawo ndi dikoni.

M'nyumba ya juga imene ndimagwiramo ntchito mulibe wotchi kapena zenera, kuopa kuti wina angakumbukire kuti ali ndi ana. Mzinda wonse anaumanga pakati pa chipululu kuti munthu azichita zopusa anansi ake asakumuona. Ndimaunyoza tsiku lililonse. Koma ndisaname, ndikamatuluka magetsi onse aja akuyamba kuyaka, pali kanthu kamene kamandikoma mumtima. Ndipo kuno palibe anandifunsapo kuti bambo wa mwana wanga ndani. Ku Dunmore ngakhale agalu ankafunsa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Andisintha, ndikugwira ntchito masana. Ndapezanso nyumba ya zipinda ziwiri kutali ndi msewu wa mahotela, pafupi ndi sukulu yooneka bwino ndithu. Chipinda chachiwiricho ndachipaka utoto wachikasu. Mwandisungira Marcy zaka zitatu ndipo sindidzatha kukuthokozani, koma mwana akukwanitsa zaka khumi ndipo akuzolowera kuti mayi ake ndi envelopu yobwera mwezi ukatha. Sukulu ikatseka ndikufuna ndimutenge.

Ndibwera pa Pasaka tidzakambirane. Mundipatsire moni onse.

Ine mng'ono wanu,
Nadine


Dunmore, Nebraska
4 Malichi 1979

Mng'ono wanga Nadine,

Kalata yako ndalandira. Tonse tili bwino. Bambo akutsokomolabe koma akuti dokotala ndi wa anthu aulesi. A Delbert akukonza makina podikira kudzala chimanga, chisanu sichinasungunuke m'minda.

Ndaseka powerenga. Tsamba loyamba ukuunyoza mzinda wakowo ngati chimbudzi cha pamsika, tsamba lachiwiri ukuti ndikupatse mwana akagone momwemo chifukwa wapaka khoma utoto wachikasu. Sankha chimodzi, mng'ono wanga. Zitsiru ukunenazo ndi zimene zimakudyetsa, ndiye sindikudziwa kuti iwe tikutchule ndani.

Marcy akukula bwino. Amaimba kwaya ya ana, ndipo agogo ake amupatsa mwana wa ng'ombe woti akaonetse pa chionetsero cha zaulimi, wamutcha dzina loti Biscuit. Ku Las Vegas akamumanga pati, pansi pa magetsi ako okoma mumtimawo? Aphunzitsi akuti mwana sakuona bwino pabolodi, akufunika magalasi a m'maso. Utumize madola makumi anayi.

Za kumutengazo ndinafuna kukana pomwepo, koma Bambo aweruza okha. Akuti mwana si thumba la chimanga loti awiri azikokerana, ubwere, ukhale naye masiku atatu, asankhe yekha. Ndavomera chifukwa ndi mawu a Bambo, komanso chifukwa mwanayu ndikumudziwa. Ndine ndinakhala naye pamene anadwala chikuku, iwe uli kogawira makadi madikoni.

Ukamabwera uvale diresi lofika pansi pa mawondo, ndipo ndudu zako usasutire pamasitepe a tchalitchi. Anthu kuno akudziwa kuti umagwira ntchito mu ofesi ya hotelo, kulemba mayina a alendo. Ndi zimene ndinawauza, usandisandutse wabodza.

Ine mkulu wako,
Verna


Dunmore, Nebraska
22 Epulo 1979

Nadine,

Tonse tilipo. Ndadikira sabata yathunthu kuti mwina ulemba kupepesa, koma ndaona kuti manyazi nawo unawaluza pa juga.

Diresi unavala labwino, pamenepo sindikudandaula. Koma tandiuza, chinakulowa n'chiyani m'tchalitchi? A Schaaf abwera ndi mbale ya chopereka, iwe waponyamo ndalama yako, wapatsira mbale Mayi Ziegler. Kenako, tchalitchi chonse chili zii, iwe phwa, kuwomba m'manja, n'kutambasula zikhatho kuloza kudenga, n'kuzitembenuza, ngati ukuuza Mulungu kuti, "Mwanditha, ndatsala manja okha." Anyamata a kwa Reuter anaseka mpaka mayi awo anawatulutsa. Abusa a Krause anasokoneza pemphero. Ndipo iwe unangokhala phee, nkhope yosalala ngati palibe chachitika. Lachiwiri Mayi Ziegler anandipeza kugolosale, akuti, "Verna mwanawe, kodi ku ofesi ya hotelo amapemphera choncho?" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Zimenezo ndikanakhululuka. Chimene chandilembetsa ndi china.

Loweruka lija, iwe uli kocheza ndi Bambo, ine ndi Marcy tinkasenda mbatata. Anandiuza kuti, "Mayi aakulu, musakwiye, ine ndikufuna kupita ndi amayi." Ndinapita kukalirira m'khola la nkhuku, ndikukuuza poyera. Unali utawina, Nadine, ndipo ndinali nditayamba kuganiza za sutikesi yoti ndimulongedzere.

Ndiye Lolemba kudepoti. Unamukumbatira, n'kumusiya, n'kubwerera phazi limodzi m'mbuyo, kenako phwa, zomwe zija, ngati munthu amene akusasa m'manja atataya zinyalala. Unatembenuka n'kukwera basi osacheuka. Mwana anangoima kukamwa kuli yasa. Tili m'galimoto anandifunsa kuti, "Amayi amasasa chiyani m'manja? Ndinali ndi litsiro?"

Sindinawonjezerepo mawu anga, panalibe chifukwa. Tsopano akuti sapita kulikonse, ndipo chithunzi chako wachichotsa pakhoma. Bambo anati asankhe yekha, ndiye wasankha. Chipinda chachikasucho uike wa lendi.

Verna


Las Vegas, Nevada
29 Epulo 1979

Achemwali,

Moni kwa onse. Kalata yanu ndaiwerenga nditaima pabokosi la makalata, ndipo ndinakhala pansi pomwepo pamasitepe. Ndikulumbira pa manda a Mayi, sindinadziwe n'komwe kuti ndinachita zimenezo, kaya m'tchalitchi kaya kudepoti. Ndimvereni.

Pamwamba pa matebulo athu, kudenga, pali magalasi akuda. Kuseri kwake kuli tinjira moyenda amuna amene ntchito yawo ndi kusuzumira manja athu. Ife sitiwaona. Eni nyumba ya juga amakhulupirira kuti munthu aliyense ndi wakuba, poti amadzidziwa okha. Malaya athu alibe matumba. Ndipo pali lamulo: ukagwira ndalama, ukafuna kukanda mphuno, kapena mnzako akakugunda paphewa kuti uchoke patebulo ukapume, uwombe m'manja kamodzi, uonetse zikhatho kumwamba, uzitembenuze. Tanthauzo lake n'lakuti, onani mabwana, sindinatenge kalikonse. Woiwala kawiri amapezeka panja.

Ndachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku kwa zaka zitatu, ndipo manja anasiya kundifunsa. Ndimachita ndikalipira kugolosale. Mnzanga Consuelo anachita pa maliro a mwamuna wake atangoponya dothi m'manda, azilamu ake mpaka lero samuyankhula. Ndi zimene mzinda uno umamuchita munthu: umamuphunzitsa kupepesa kudenga ngati galu wa pa sewero. Mukufuna kuunyoza? Bwerani ndikuthandizeni, ine ndili ndi mawu ambiri kuposa inu.

Za Mayi Ziegler sindikusamala. Iwo ndi diso lakudenga la ku Dunmore, kusiyana kwake n'koti athu kuno amalipidwa. Koma Marcy. Pokwera basi sindinacheuke chifukwa nkhope inali itanyowa ndipo utoto wa m'maso unkachucha, sindinafune kuti andione choncho. Ndinalira mpaka ku Denver.

Ndaimba foni katatu, nthawi zonse mukuti akukana kubwera kudzayankhula. Mwina n'zoona. Ndiye mumuuze ndinu, achemwali, inu amakumverani. Mumuuze kuti ndi chizolowezi cha kuntchito basi, kuti analibe litsiro. Ngati atamva zimenezi adzasankhabe kukhala, ndidzavomera. Koma asasankhe akuganiza kuti mayi ake anamusasa m'manja.

Sindinakupempheni zambiri pa moyo wanga. Ichi chokha.

Nadine


Dunmore, Nebraska
15 Meyi 1979

Mng'ono wanga,

Tili bwino, chimanga tadzala. Magalasi a Marcy abwera, akuoneka ngati kadzidzi koma akuona.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimaganiza. Ndiye ukufuna ndikhazike pansi mwana wa zaka khumi, ndimuuze kuti mayi ake sali mu ofesi ayi, amagwira ntchito kumene amuna obisala kudenga amawayang'ana ngati mbava kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Zimenezo ukuti zimutonthoza? Sindinena. Ndikanena ine, tsiku lina adzati mayi aakulu ankanyoza amayi anga.

Koma sindifunanso kuti uzilemba makalata olira chaka chonse. Ndagwirizana ndi a Delbert. Sukulu ikatseka ndibwera naye ndekha pa basi, adzaone ndi maso ake, poti tsopano ali nawo anayi. Ndipo sitidzayambira ku chipinda chako chachikasu ayi. Tidzabwera kuntchito kwako komweko, pa nthawi ya ntchito. Akadzaona utsi, zidakwa, ndi mayi ake akudyerera madikoni, nkhaniyi idzathera pomwepo ndipo sudzailembanso.

Tinyamuka pa 2 Juni.

Verna


Las Vegas, Nevada
30 Meyi 1979

Achemwali,

Moni. Kalata yanu inakagona m'bokosi la oyandikana nawo nyumba, ndangoilandira lero. Chonde musabwere naye kuntchito. Bwerani kunyumba, ndikonza chakudya, munditukwane mmene mungafunire. Malo aja ndimawapirira chifukwa palibe wondidziwa amene amandionako. Mwana akandiona ndikumwetulira munthu amene wangonditchula hule, ndidzamuyang'ana bwanji?

Nadine


Las Vegas, Nevada
5 Juni 1979

Okondedwa amuna anga a Delbert,

Tinafika bwino. Ndikhulupirira mukudya, nyama ndinaisiya mu firiji ya pansi. Muwakumbutse Bambo mankhwala.

Kuno ndi ng'anjo. Mphepo ikawomba umachita ngati watsegula uvuni. Palibe mtengo woti n'kuutchula mtengo, koma ali ndi akasupe oponya madzi m'mwamba popanda chifukwa, inu mutaona mungalire. Zonse zimene Nadine ankanena n'zoona ndipo anachepetsa.

Dzulo tinapita kuntchito kwake monga ndinakonzera. Ana saloledwa kuima pakati pa matebulo, ndiye tinakhala pamalo odyera amene ali pamwamba pang'ono, pomwe umaona zonse. Ndinamuonetsa Marcy chilichonse. Gogo wina wa msinkhu wa malemu Mayi akukoka makina a juga, atavala golovesi yoda bii chifukwa cha ndalama zachitsulo. Bambo wina akulira poyera, mkazi wake akumusecha m'matumba. Ndinati, "Waona? Uko ndi kumene mayi ako amakhala tsiku lonse." Nadine anali patebulo lachitatu, malaya oyera, akumwetulira munthu woledzera masanasana. Iye sanatione. Marcy anangoyang'ana kamodzi n'kuweramira m'mbale yake. Mumtima ndinati zatheka.

Kenako inakwana nthawi yoti ena akapume. Bambo wina wadazi wogawa makadi anagundidwa paphewa, ndiye phwa, zikhatho kumwamba, n'kuchoka. Marcy anadzutsa mutu. Patebulo lina mtsikana, phwa. Linanso, phwa.

"Mayi aakulu, taonani, akuchita ngati amayi. Onse akuchita."

Ndinati idya, chakudya chikuzizira. Koma mukumudziwa mwanayu. Anakoka malaya a mayi woperekera khofi n'kufunsa kuti, "Anti, amawomberanji m'manja?"

Mayiyo, uku akutafuna chingamu, anati, "Akuonetsa mabwana kuti sanabe, mwanawe. Ukachoka pa chinthu chodula chimene si chako, umaonetsa manja. Mufuna khofi wina kapena ndichotse?"

Marcy anandiyang'ana kudzera m'magalasi aja n'kunena kuti, "Inu munkadziwa?"

A Delbert, ine sindinanamizepo mwana ameneyu pamaso. Ndinati ndinkadziwa.

Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ndiye kudepoti kuja amayi ankakuonetsani inuyo kuti sanandibe."

Nthawi yomweyo Nadine naye anagundidwa paphewa. Anawomba m'manja, n'kutembenuka, n'kutiona. Nkhope inamugwa, anafuna kubisala kuseri kwa chipilala. Marcy anathamangira pa chitsulo chotchinga malo odyera, n'kuwomba m'manja kamodzi, n'kuonetsa mayi ake tizikhatho take. Mlonda anabwera kudzanena kuti ana saloledwa kuima pamenepo, koma palibe anamumva.

Ndinayenda ulendo wonsewu kudzatchera msampha, ndipo wagwira mwendo wanga. Mzindawu ndikuudabe, mwina kuposa kale. Ndibwera ndekha. Chipinda cha Marcy musachikhudze, ndidzakonza ine.

Mkazi wanu,
Verna


Las Vegas, Nevada
6 Juni 1979

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira chifuwa chapepuka. Ndikudziwa simukonda makalata aatali, ndiye ndifupikitsa. Kalatayi ndatumiza pa ndege kuti ikupezeni achemwali asanafike, poti akuti akagona masiku awiri kwa msuweni wathu ku Denver.

Munati mwana asankhe yekha. Wasankha kukhala ndi ine. Akupempha kuti Biscuit mumusamale ndinu, ndipo musamugulitse ngakhale a Delbert atanena chiyani. Chipinda chachikasu akuti chikuwala kwambiri, koma wagonamo.

Ndimayesa ndidzavina. Koma dzulo tikudutsa pa msewu wa mahotela anaima n'kunena kuti, "Amayi, kuno n'kokongola." Ndi mawu omwewo amene ndinanena ine tsiku loyamba. Mzinda uno ndi hule wokalamba wodziwa kudzola, ndipo ndabweretsamo mwana wanga ndi manja anga. Komabe ndi umene wandipatsa denga loti ndimuikemo. Sindikudziwa kuti ndiutukwane kapena ndiuthokoze, ndiye ndikuchita zonse ziwiri.

Lero m'mawa tinaperekeza achemwali kudepoti. Njira yonse ankandilangiza: mwana sadya anyezi, magalasi azipukuta ndi nsalu osati malaya, Lamlungu azipita kutchalitchi ngati kuno kuli tchalitchi chosakwatitsa zidakwa. Atamaliza anati nyumba yanga ikununkha fodya. Anamukumbatira Marcy mwachangu ngati achedwa, n'kukwera, n'kukhala pazenera.

Basi itayamba kubwerera m'mbuyo, anawomba m'manja kamodzi, n'kukanikiza zikhatho zonse ziwiri pagalasi. Ndinaganiza kuti akundinyoza, poti imeneyo ndi ntchito yawo kuyambira ndili wamng'ono. Koma nkhope yawo sinali yonyoza.

Marcy anati, "Amayi, akuti sanatenge kalikonse."

Bambo, manja amenewo ndi amene anamusambitsa pa chikuku, anamuluka tsitsi m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, ndipo kunyumba kwawo kulibe mwana wina wowadikira. Basi ifika ku Dunmore Loweruka masana. Musatume a Delbert okha kukawachingamira. Mupite nawo, ndipo akatsika muwagwire manjawo.

Ine mwana wanu,
Nadine